Tepi ya ku Kitwe ndi waya wa amayi anu

Mutu uno ndikuulemba chifukwa cha mawu amene iwe Tamanda unanena pa ukwati wa mlongo wako Yamikani. Unaimirira pamaso pa anthu, maikolofoni kumanja, nkunena kuti bambo anu munkawaona Loweruka ndi Lamulungu basi, chifukwa mkati mwa sabata ankakhala kwa mkazi wawo wamkulu, kompyuta ya ku Kitwe. Anthu anaseka, abusa anaseka, amayi anu anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Ine sindinaseke. Nditafika kunyumba ndinatsitsa makatoni anga pamwamba pa wadirobu, omwe aja amayi anu akhala akufuna kuyatsira mbaula zaka zonsezi, ndipo zimene ndilembe panozi ndaziona kaye m'mapepala. Amene akukayika abwere adzawerenge yekha, koma asambe m'manja.

Kitwe, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba, imenenso inali yomaliza, inali pa kampani yogulitsa zipangizo za makina a m'migodi: mapampu, malamba, mabelingi ndi zina zotero. Likulu linali ku Ndola, koma nyumba zosungira katundu zinali ku Kitwe pafupi ndi migodi, choncho kompyuta nayo inali ku Kitwe. Agogo anu, amene anachokera ku Malawi kudzagwira ukalaliki pamgodi, anandiperekeza okha tsiku loyamba atavala jekete la kutchalitchi. Ataona chipinda cha kompyuta anandinong'oneza kuti, "Muno mulibe fumbi. Usachokemo." Munali kuzizira ngati June chaka chonse, moti mu October anthu akusungunuka panja ine ndinkavala juzi.

Amene anandiphunzitsa ntchito anali ba Mulenga, Mbemba wa kukomboni ya Luangwa, munthu wamtali woseka ndi mapewa. Lamulo lawo linali limodzi. Madzulo alionse, akalaliki akaweruka, zonse zimene zili mu kompyuta zizijambulidwa pa tepi, ndipo m'mawa tepiyo izikwera vani kupita ku Ndola kukagona m'sefa yachitsulo ya kulikulu. Moto utabuka ku Kitwe, kampani izidzuka ku Ndola ikudziwabe kuti belingi ili pa shelefu iti ndiponso mgodi uti waitanitsa pampu. Matepi a nthawiyo anali aakulu ngati mbale za alendo. Atsopano sankabwera, poti ndalama zakunja kunalibe, ndiye tinkabwereza akale mpaka ankasiya phulusa lofiirira m'makina. Mankhwala opukutira titasowa, ndinkakapempha sipiriti kukiliniki. Nesi wa kumeneko ankandifunsa kuti bala lake ndi lotani losapola chaka chonse.

Kujambula kunkatha cha m'ma 21 awazi, 9 koloko usiku, ndipo 6 koloko m'mawa ndinkayenera kukhala nditatsegula kale. Nchifukwa chake kampani inandipatsa chipinda ku Mindolo, konko ku Kitwe. Woyendetsa vani anali ba Chanda. Tepi ankaiika pampando wakutsogolo nkuimanga lamba, pamene anthu opempha lifiti ankakhala kumbuyo pamodzi ndi mapampu.

Ndola, chaka chotsatira

Tsiku lina ananditumiza kulikulu chifukwa waya wa foni wolumikiza maofesi awiriwa unkavuta. A kampani ya mafoni anatumiza mmisiri. Ine ndinkadikira mwamuna. Kunalowa mtsikana wovala ovolosi, pulayazi m'thumba, pensulo kukhutu, ndipo sanandipatse nkomwe moni wokwanira.

"Makina anuwa amatulutsa zingati pa sekondi?"

Ndinamuuza, monyadira, m'mabaiti.

"Ine sindigulitsa mabaiti, bambo. Mabiti angati?"

"Anthu ophunzira amawerenga mabaiti."

"Anthu ophunzirawo akwere okha pamtengo akamange waya."

Amenewo ndiwo amayi anu, Esnati. Apa ndifotokoze, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Ife a matepi ndi madisiki timayeza katundu wathu ndi baiti, ndipo baiti imodzi ili ngati chilembo chimodzi. A mafoni amayeza ndi biti, poti pa waya zinthu zimayenda m'modzim'modzi ngati anthu pa mlatho wa mtengo umodzi. Mabiti 8 ndiwo baiti imodzi. Ndiye wa mafoni akakuuza nambala yake, uigawe ndi 8 kuti udziwe zimene upezedi, ndipo iwe ukamuuza yako, iye aichulukitse ndi 8 kuti adziwe mtolo umene ukumusenzetsa. Zikuoneka zophweka, koma ndaona anthu a madigiri akukangana tsiku lonse, wina akuyeza ndi thumba wina ndi mbale, aliyense akuti mnzake ndi wabodza. Ine ndi amayi anu tinakangana masana onse tsiku limenelo. Pepala limene tinalembapo masamu ndili nalo, kumanzere dzanja langa, kumanja lawo, ndipo pansi pake pali nambala ya foni ya kuntchito kwawo, imene iwo mpaka lero amati ndinachita kupempha. Sindinapemphe. Analemba okha.

Titakwatirana tinakhala ku Pamodzi, mu Ndola momwemo, m'nyumba imene inabwera ndi ntchito yawo. Kusamukira ku Kitwe kukanatanthauza kutaya nyumbayo, ndipo malo a ntchito yawo kumeneko kunalibe. Kuyenda tsiku ndi tsiku sikukanatheka, chifukwa nthawi imene tepi inkatha basi kunalibe. Choncho Loweruka m'mawa ndinkakwera vani ya ba Chanda, ine kumbuyo tepi kutsogolo, ndipo Lolemba ndinkadzuka 4 koloko kukagwira basi yoyamba. Makalata opempha kuti andisamutsire ku Ndola ndinalemba chaka ndi chaka. Makope ake ali mufayilo yobiriwira, pamodzi ndi mayankho, onse a mawu ofanana: tepi ili ku Kitwe, ndiye wa tepi akhale ku Kitwe. Umu ndi mmene munabadwira, iwe Tamanda, kenako Yamikani.

Kitwe, chapakati pa zaka za m'ma 1990

Kampani inagula kompyuta yatsopano. Tepi yake inali yaing'ono ngati bokosi la machesi, ndipo makina ojambulira ankalumikizidwa ndi chingwe chonenepa chimene tinkachitcha sikazi. Makinawo anagula amodzi okha, ndalama za achiwiri zinakanidwa. Chaka chomwecho anabwereka waya wathuwathu wochokera ku Kitwe kufika ku Ndola, wa makilobiti 64 pa sekondi. Amene anaulumikiza mbali ya ku Ndola anali amayi anu.

Ba Mulenga apa nkuti ali bwana wa dipatimenti yonse. M'mawa wina anandiitana, natseka chitseko, mapewa akugwedezeka kale.

"Mwabombeni, ba Nkhoma. Khalani pansi. Ndakupezerani njira."

"Njira ya chiyani, bwana?"

"Yopita kwanu, mune! Makina a tepi tiwanyamule apite ku Ndola. Usiku kompyuta izitumiza zonse pa waya, inu muzijambula kumeneko. Wa tepi amakhala kumene kuli tepi, si mmene amakuyankhirani? Ndalankhula nawo kale akuluakulu. Akungofuna siginecha yanu kuti waya ukwanitsa."

Ndinawayang'ana. Munthu ameneyu anandiona ndikukwera vani kumbuyo zaka zoposa khumi, ndipo nkhaniyi anaiyendera yekha mwakachetechete. Sanalakwitse masamu, sanawachite nkomwe. Anangoona wogulitsa makompyuta akutumiza kalata imodzi pa wayawo, ikufika ku Ndola tiyi asanazizire, basi mtima unakhala pansi.

Ndinatenga pepala. Makilobiti 64 kugawa ndi 8, ndi makilobaiti 8 pa sekondi. Chingwe cha sikazi chija chinkatha kunyamula mamegabaiti 5 pa sekondi, kutanthauza mamegabiti 40, ndiye kuti mawaya ngati athuwo oposa 600 kuwamanga mtolo umodzi. Tepi yeniyeniyo inali yochedwerapo kuposa chingwe chake, komabe zonse za mu kompyuta, magigabaiti awiri, inkazimeza pa ola limodzi ndi mphindi zochepa. Pa waya, katundu yemweyo akanayenda pafupifupi masiku atatu, usana ndi usiku. Nditawauza ba Chanda, anavula chipewa nkuyang'ana vani yawo yotha matayala.

"Ndiye kuti ine ndi skorokoro yangayi tikuposa waya wa madamu anu?"

"Kutalitali, ngakhale mutaima pa msika kugula ndiwo za ifisashi."

"Awe mwandi, muwauze andikweze pantchito."

Koma sindinataye mtima, chifukwa kwathu ndinkakufuna. Ndinati, nanga bwanji titamatumiza zokhazo zimene zasintha tsikulo? Ndinayeza kwa milungu ingapo. Tsiku wamba zinkakwana mamegabaiti 300. Masana waya unkagwiritsidwa ntchito ndi akalaliki, wathu unali usiku wokha, kuyambira 18 awazi mpaka 6 koloko, maola 12. Pa 64, mamegabaiti 300 ankafuna maola khumi ndi theka. Zinkakwana! Za kumapeto kwa mwezi, zimene zinkachuluka, tikanazikankhira pa Loweruka ndi Lamulungu. Ndinapinda pepala la siginecha, ndinaliika m'thumba la jekete, ndipo Loweruka limenelo m'vani ndinaimba nyimbo za kwaya njira yonse mpaka ba Chanda anakweza wailesi.

Pamodzi, Lamulungu lotsatira

Titachoka kutchalitchi ndinayala mapepala patebulo. Inu munali panja. Amayi anu anamvetsera atavala yunifomu ya amayi a chigwirizano, duku asanamasule.

"Sainani," anatero.

"Muone kaye masamuwa, amake Tamanda."

"Ndaona. Sainani. Tamanda akulemba mayeso a giredi seveni, Yamikani wayamba kuyankha mwano, geti lagwa kawiri. Pa mgwirizano wa waya analemba 64. Ndani adzakufunsani? Sainani, bambo ake."

Katatu konse. Ndinatulutsa cholembera. Iwo ananyamuka kupita kukhitchini, ndipo ndinamva akutsuka mapoto amene anali otsuka kale. Ndinali nditalemba tsiku pamwamba pa pepala pamene anatulukira pakhomo, manja akudontha madzi, nkhope ili gwa ngati ndawalakwira.

"Musawerengere 64."

"Mwati?"

"Wayawo ndimaudziwa, ndinaumanga ndine. Nyengo ya mvula madzi amalowa m'majointi a waya a pamsewu waukulu. Zina zimafika zolakwika, makina amabwereza kutumiza. Werengerani 50. Ndipo anyamata akadula waya usiku kuti abe kopa, werengerani ziro mpaka titapeza wina."

Ndinawerenga pomwepo. Pa 50, mamegabaiti 300 ankafuna maola opitirira 13. Usiku wathu unali wa maola 12. Kuyambira November mpaka March, m'mawa ulionse akalaliki akanapeza waya uli wotanganidwa, ine nkudula zosatha, mawa lake mtolo nkukula. Tepi ya ku Ndola ikanakhala yoperewera miyezi yomwe ija ya ziphaliwali, ndipo ku Kitwe kukanakhala kulibe makina ena ojambulira. Moto ukanabuka, anthu a m'nyumba zosungira katundu, amene ndinkadya nawo chimanga chootcha pageti, akanadzuka kampani yawo isakudziwa chimene ili nacho.

Ndinakweza maso. "Mukanangokhala chete, amake Tamanda."

"Ndinayesa. Mapoto atha."

"Nanga ndichite chiyani?"

"Musandifunse ine. Ine ndanena kuti sainani. Nambalayo ndakupatsani chifukwa ndi ya waya wanga, ndipo sindifuna mawa wina adzanene kuti waya wa Esnati unanamiza munthu." Anamasula duku nkuliponya pampando. "Inu ndi tepi yanuyo."

Ndinabweza cholembera m'thumba. Madzulo amenewo sanandilankhule, koma Lolemba m'mawa ndinapeza malaya asanu ositidwa ali m'chikwama, monga mwa nthawi zonse, ndi botolo la chiponde pamwamba.

Ba Mulenga nditawabwezera pepala lopanda siginecha anakhumudwa kwenikweni. "Ba Nkhoma, ine ndagwada kwa akuluakulu chifukwa cha inu. Ola limodzi lokha! Simungalitseke diso?" Ndinawaonetsa masamu. Anawayang'ana nthawi yaitali, nafunsa kuti 50 ameneyu wachokera kuti pamene mgwirizano ukuti 64. Nditawauza, anagwira pakamwa, kenako mapewa anayamba kugwedezeka. "Ndiye kuti madamu akutsekerani okha geti? Awe, inu awiri munapezana." Anayesanso kupempha makina achiwiri ojambulira chaka chimenecho ndi chotsatira. Makope a zopemphazo ali mufayilo yofiira, ndipo mayankho ake musawerenge muli ndi njala.

Tsono pali chimene mumakonda kundikumbutsa, ndipo ndichilembe ndekha musanachinene: moto sunabuke. Mphezi sinagwe pa kompyuta. Zaka zonse zotsatira tepi inkapita ku Ndola m'mawa ulionse, ndipo palibe tsiku limene wina anaifuna, kupatula kamodzi kalaliki atafufuta mwangozi mndandanda wa mabelingi. Yamikani anandifunsa tsiku lina kuti, ndiye phindu lake linali chiyani? Funso lachibwana! Loko wa pachitseko chako, mbala ikapanda kubwera, umamuchotsa? Komabe sindikana kuti zinatidyera. Tsiku limene zotsatira za giredi seveni zinatuluka, ndinazimva pa foni ya muofesi, makina akulira kumbuyo, ndipo iwe Tamanda unangoti "ndakhoza" nkupereka foni kwa amayi ako. Geti lija anakonza ndi aneba. Yamikani anaphunzira kupalasa njinga Lachitatu.

Kitwe ndi Ndola, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000

Masana ena foni ya muofesi inalira. Mosapereka moni, monga tsiku loyamba lija, mawu a amayi anu anati, "Tengani pensulo."

"Ndili nayo kukhutu."

"Kampani yanu yalipira waya wa E1. Ndauyesa ndekha sabata yonse, ndipo suyenda pa kopa wa pamsewu uja. Papepala ndi makilobiti 2,048."

"Nanga nambala yanu?"

"Werengerani 1,800."

"Mvula?"

"Ndaiwerengera kale mvula. Mukuchedwa, bambo ake, gawani."

Kugawa ndi 8, makilobaiti 225 pa sekondi. Katundu wa mu kompyuta anali atakula kufika magigabaiti 6. Ndinawerenga, ndinabwereza. Maola asanu ndi awiri ndi theka. Osati zosintha zokha, koma zonse, usiku ulionse, nthawi nkutsalako.

"Zakwana," ndinatero.

"Ndikudziwa. Ndinawerenga kale dzulo. Ndimafuna ndimve inu mukunena."

Ba Mulenga anali atatsala miyezi yochepa kuti apume. Pepala latsopano anabwera nalo okha, nandibwereka cholembera chawo, ndipo nditasaina anachitenga nkuchiyang'ana ngati sakukhulupirira kuti chalemba. Loweruka limenelo tinamasula makina a tepi. Ba Chanda, amene vani yawo inapitiriza kunyamula mapampu, anatsegula chitseko chakutsogolo. "Lero mukhala kuno, ba Nkhoma. Koma bwana wanuyu mumufungate." Ndinakhala kutsogolo koyamba, makina pamiyendo, lamba atatimanga tonse awiri, matiresi anga a ku Mindolo ali kumbuyo.

Iwe Tamanda unali utapita kale kukoleji, ndipo ndikudziwa kuti kwa iwe ndinafika mochedwa. Zimenezo sindingazikonze ndi fayilo iliyonse. Ndangofuna udziwe kuti cholembera chinali m'manja mwanga, ndipo ndinkafuna kusaina kuposa chinthu china chilichonse. Amayi anu awerenga mutu uno ndisanaumalize, ndipo alamula kuti ndilembe momveka kuti iwo anati ndisaine, katatu. Ndalemba. Ine ndawonjeza kuti nambala ya 50 inachokera kukhitchini, ndipo iwo akuti zimenezo zinali zosafunika kuuza ana. Ndazisiya momwemo.

Lolemba loyamba ku Pamodzi ndinadzidzimuka 4 koloko. Mumdima ndinavala thalauza, ndinapapasa nsapato, ndinayamba kufunafuna chikwama pamalo pake pafupi ndi chitseko. Panalibe. Ndinagwada kusuzumira pansi pa bedi, mtima uli m'mwamba kuti basi indisiya. Pamenepo dzanja linandigwira malaya kumsana.

"Mukupita kuti?"

"Basi, amake Tamanda. Chikwama chili kuti?"

"Ndinapatsa Yamikani aziikamo mabuku. Gonani, bambo ake. Kuntchito ndi pafupi."